Kusowa Tulo Pakati pa Aphunzitsi ndi Anchito a Boma: Mankhwala Ache Ali Kuti?

Pali nthenda imodzi imene aphunzitsi ndi anchito a Boma ambiri adwala, koma saitchula pa kalata yopempha tchuti, ndipo kawiri-kawiri sapita nayo ku chipatala. Nthendayo ndiyo kusowa tulo. Munthu apita kukagona nthawi yabwino, thupi liri lotopa, koma maso ali gwa. Amva agalu akuuwa, amva tambala woyamba, amva wachiwiri, ndipo tulo timgwira pamene anzache ayamba kusesa pabwalo. Kutacha ayenera kuima pamaso pa ana, kapena kuonkhetsa ndalama za Boma, kapena kupereka mankhwala kwa odwala, kapena kuyendetsa njinga ya moto pa mseu wa ku Nsaru ndi Kabudula. Pa nchito zonsezi kuodzera kwa kamphindi kungathe kuononga zambiri, ngakhale moyo umene.

Nkhani yino talembera makamaka awerengi athu a ku Namitete, Nsaru, Kabudula, Mpingu ndi Nambuma, ngakhale ikhudza ndi ena omwe. Mau ache akulu ndi awa: kusowa tulo kuyamba ndi bvuto lina, koma chimene chikusunga miyezi ndi zaka ndizo zimene wodwalayo achita pofuna-funa tulo, pamodzi ndi mantha amene ali nao pa usiku. Chifukwa chache madotolo a maiko ambiri abvomerezana tsopano kuti mankhwala oyamba a nthendayi ndiwo kusintha makhalidwe ndi maganizo, ndi kuti mapiritsi adza pambuyo.

Ndi angati abvutika?

Madotolo atcha kusowa tulo nthenda yeni-yeni pamene munthu alephera kupeza tulo, kapena adzuka pakati pa usiku osagonanso, masiku atatu kapena oposa pa sabata, kwa miyezi itatu, ndipo usana wache uonongeka nako. Kusagona usiku umodzi kapena uwiri chifukwa cha maliro, mwana wodwala, kapena kutentha kwa mwezi wa Okotobala si nthenda ai; ndiwo moyo wa munthu ali yense. Mawerengero a m'maiko osiyana-siyana aonetsa kuti pafupi-fupi munthu mmodzi mwa akulu 10 ali ndi nthenda yokhalitsayo, ndipo mmodzi mwa atatu alawako nthawi ndi nthawi.

Ena aganiza kuti iyi ndi nthenda ya Azungu ndi ya anthu a m'mizinda. Si chomwecho. M'chaka cha 2012 akatswiri a pa University of Warwick, ku England, anafalitsa zimene anapeza atafunsa anthu oposa 40,000, a zaka 50 ndi kupitirira, m'maiko asanu ndi atatu a mu Africa ndi Asia, ambiri a iwo okhala m'midzi. Maiko a mu Africa anali Tanzania, Kenya, Ghana ndi South Africa. Pafupi-fupi anthu 17 mwa 100 ali onse ananena kuti abvutika kwambiri ndi tulo. Akazi anachuluka koposa amuna, ndipo bvutolo linali kuyendera pamodzi ndi nkhawa ndi kukhumudwa mu mtima.

Tulo tichokera kuti?

Kuti timvetse mankhwala, tiyambe tadziwa m'mene tulo tidzera. M'chaka cha 1982 Alexander Borbély, wa ku Zurich m'dziko la Switzerland, analongosola kuti zinthu ziwiri zilamulira tulo. Choyamba tingachitche njala ya tulo. Kuyambira pamene munthu adzuka, mu ubongo mwache muunjikana kanthu kotchedwa adenosine. Akakhala maso nthawi yaitali kanthuko kachuluka, zikope nizilemera, ndipo pogona kachepanso. Monga munthu wodya chimanga chootcha dzuwa liri kulowa sadya nsima bwino, momwemonso wogona masana afika usiku njala yache ya tulo itachepa.

Chachiwiri ndi wotchi ya m'thupi, imene izungulira kamodzi pa usana ndi usiku, nikonzedwa tsiku ndi tsiku ndi kuwala kwa dzuwa kolowa m'maso. Kukada thupi litulutsa melatonin, amene auza ziwalo zonse kuti usiku wafika. Kuwala kwamphamvu kwa nyali kuchedwetsa uthengawo. Wotchiyi si nthano ai. M'chaka cha 2017 Jeffrey Hall, Michael Rosbash ndi Michael Young analandira mphotho ya Nobel chifukwa chotulukira m'mene igwirira nchito m'kati mwa zamoyo.

Ziwirizi zikagwirizana tulo tidza tokha, osaitanidwa. Koma pali chachitatu chimene chingathe kugonjetsa zonse ziwiri, ndicho kudikira kwa thupi pamene liyesa kuti pali choopsa. Munthu wolondera chigafa cha fodya pa nyengo ya akuba sagona ngakhale atatopa chotani, pakuti mtima uthamanga ndipo makutu ali tcheru. Tsoka lache ndi lakuti thupi silisiyanitsa wakuba ndi ngongole, kapena fisi ndi mantha akuti lero sindigonanso. Zonsezi liziyankha mofanana, ndiko kukhala maso.

Pakati pa mawotchi awiri

Wanchito wa Boma wokhala ku mudzi akhala pakati pa mawotchi awiri. Mudzi utsata dzuwa, limene kuno ku Lilongwe lituluka cha m'ma 5 kapena 6 koloko, nilowa cha m'ma 6 madzulo, kusiyana kwache kuli kochepa chaka chonse. Alimi a chimanga, mtedza ndi fodya agwira khasu kuyambira mbandakucha, natopa thupi, nagona msanga. Koma mphunzitsi ndi kalaliki atopa mutu, thupi osatopa kweni-kweni; akhala m'chipinda usana wonse; ndipo madzulo ali ndi nyali ya sola kapena magetsi, makope osachonga, mauthenga a WhatsApp pa foni, ndi mpira wa ku Ulaya umene nthawi zina utha pafupi ndi 12 koloko usiku. Koma m'mawa mudzi ndi belu la sukulu zimdzutsa pa nthawi yakale yomweyo.

Pali kafukufuku wochitikira pafupi ndi kwathu amene aunikira nkhaniyi. M'chaka cha 2017 Andrew Beale, Malcolm von Schantz ndi anzao, a University of Surrey, anafalitsa zimene anapeza ku Milange, tauni ya ku Mozambique yoyang'anana ndi Muloza m'boma la Mulanje, ndi ku Tengua, mudzi wapafupi wopanda magetsi. Anabveka anthu tizipangizo ta pamkono toyesa tulo. Anapeza kuti a m'tauni anali kugona mochedwa ndi ora limodzi, koma anali kudzukanso mochedwa ndi ora limodzi, kotero kuti sanataye tulo. A ku mudzi, ngakhale anali kugona msanga, tulo tao tinali todukiza-dukiza, ndipo ofufuzawo anaona kuti pogona pache ndi kuchuluka kwa anthu m'chipinda zinali ndi mbali pa bvutolo.

Tiphunzirapo ziwiri. Choyamba, magetsi okha sindiwo mdani. Abvutika ndi iye amene agona pa wotchi ya tauni nadzuka pa wotchi ya mudzi, monga achitira anchito ambiri a ku Nambuma ndi Nsaru. Chachiwiri, mdima ndi kugona msanga sizikwanira pa zokha. Munthu ayambe wayang'ana pogona pache: nsikidzi m'mphasa ndi m'matabwa a kama, udzudzu wolowa pa masikito obooka, malata osunga kutentha m'chilimwe, gombeza lopyapyala m'mwezi wa Juni ndi Julayi. Izi zikonzedwa ndi manja, ndipo zikonzedwe poyamba.

Choyambitsa ndi chopitiriza

M'chaka cha 1987 Arthur Spielman, wa ku New York, anagawa magwero a kusowa tulo patatu. Pali chibadwa, pakuti ena tulo tao ntopepuka chiyambire. Pali choyambitsa, monga imfa, matenda, ngongole kapena kusamutsidwa pa nchito. Ndipo pali chopitiriza, ndizo zimene munthu achita poyesa kudzithandiza. Chibadwa sitingathe kuchisintha, ndipo choyambitsa kawiri-kawiri chitha chokha. Koma chachitatucho chiri m'manja mwathu.

Tiyerekeze mphunzitsi amene wasamutsidwira ku sukulu ya kutali ku Kabudula, banja lache litatsala ku Lilongwe, ali ndi ngongole ya katapila pamutu. Sabata yoyamba sagona, ndipo palibe chodabwitsa. Tsono ayamba kudziteteza. Alowa m'gombeza 8 koloko kuti abweze tulo totayika. Loweruka agona kufikira dzuwa litakwera. Akaweruka asinza pa mpando. Madzulo amwa tiyi wambiri kuti amalize makope. Usiku ayatsa foni kuona nthawi, nawerenga maora amene amtsalira. Patapita miyezi itatu banja lafika, ngongole yatha, koma tulo sitinabwerere. Choyambitsa chapita, zopitiriza zatsala.

Chifukwa chache anachilongosola Richard Bootzin, wa ku America, m'chaka cha 1972. Thupi liphunzira mwa chizolowezi, monga ana a sukulu amva njala belu la nkhomaliro likangolira. Munthu amene akhala maso pa kama maora atatu usiku uli wonse, akuweruza milandu ya mu mtima mwache, aphunzitsa thupi lache kuti kama ndi bwalo la milandu. Umboni wache ambiri audziwa: munthu yemweyo asinza pa msonkhano, m'tchalichi, ngakhale m'minibasi ya ku Mchinji, koma akangofika pa kama wache tulo tonse tibalalika.

Kodi maora 8 ndi lamulo?

Mantha ambiri achokera ku chiphunzitso chakuti munthu ayenera kugona maora 8 osadukiza, ndi kuti akalephera mawa lache laonongeka. Madotolo alangizadi kuti munthu wamkulu apeze maora 7 kapena oposa, ndipo sititsutsa. Koma anthu asiyana pa tulo monga asiyana pa msinkhu, ndipo okalamba tulo tao tipepuka.

M'chaka cha 2015 Jerome Siegel ndi anzache, a University of California ku Los Angeles, anafalitsa zimene anayesa pakati pa mitundu itatu yokhala yopanda magetsi: Ahadza a ku Tanzania, Asan a ku Namibia ndi Atsimane a ku Bolivia. Anapeza kuti anthuwa agona cha pakati pa maora 6 ndi 7, ndi kuti sagona dzuwa likangolowa ai, koma patapita maora atatu kapena oposa. Ndipo odandaula za kusowa tulo anali owerengeka. Roger Ekirch, wolemba mbiri, anasonyezanso m'buku lache la 2005, At Day's Close, kuti anthu a ku Ulaya, nyali zamphamvu zisanafale, anali kugona kawiri usiku umodzi: tulo toyamba, kenaka ora limodzi kapena kuposa ali maso, kenaka tulo tachiwiri. Makolo athunso anali kudzuka kusonkheza moto kapena kuona ku khola, nagonanso, osayesa kuti adwala.

Tulo tiyenda m'magawo a mphindi 90 kapena pafupi-fupi, ndipo pakati pa magawowo munthu ali yense atsitsimuka pang'ono. Wopanda mantha atembenuka nagonanso, m'mawa osakumbukira. Wamantha atsegula maso, nayang'ana wotchi, nati zayambanso. Pomwepo mtima uthamanga. Ofufuza apezanso kuti osowa tulo ambiri agona nthawi yoposa imene iwo eni ayesa, pakuti maora a kukhala maso akumbukika, koma a tulo sakumbukika.

Tsono maganizo oyenera ndi awa: tulo si nchito imene munthu aigwira ndi khama. Tiri ngati nkhuku ya pa mudzi. Mukaithamangitsa ithawa, koma mukamwaza madeya nimukhala pansi, idza yokha. Usiku umodzi woipa sukupha munthu. Mawa mudzatopa, inde, koma nchito mudzagwira, ndipo njala ya tulo idzakula kukonzera usiku winawo. Viktor Frankl, dotolo wa ku Vienna, anali kulangiza odwala ache kuti aleke kuyesa kugona, koma agone chete akuyesa kukhala maso. Pakuti nkhondo ikatha mu mtima, tulo tipeza khomo. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Pali mantha enanso amene tiyenera kuwatchula. Ena akasowa tulo aganizira anansi ao kuti awalodza, makamaka akamva kadzidzi pa denga. Kadzidzi ndi mbalame ya usiku, ndipo alira kaya anthu ali m'tulo kaya ai. Wogona samumva, wokhala maso ndiye amumva. Maganizo otere aonjezera nkhuni pa moto, nadanitsa abale pachabe.

Njira zisanu ndi imodzi

M'chaka cha 2016 bungwe la madotolo la American College of Physicians linalangiza kuti munthu wamkulu ali yense wodwala kusowa tulo kokhalitsa ayambe ndi njira ya makhalidwe ndi maganizo, asanapatsidwe mapiritsi. Kawiri-kawiri njirayo itenga masabata 6 mpaka 8. Mitu yache ndi iyi:

1. Dzukani nthawi imodzi-modzi tsiku liri lonse, ngakhale Loweruka ndi Lamulungu, ngakhale pa tchuti, ngakhale usikuwo simunagone bwino. Mukadzuka tulukani panja, dzuwa likuoneni. Ili ndilo lamulo lalikulu, pakuti ndilo likonza wotchi ya m'thupi.

2. Musapite pa kama kufikira tulo titakugwirani. Kutopa ndi kusinza nzosiyana. Wotopa afuna kukhala pansi. Wosinza ayasamula, zikope zilemera, mutu ugwa.

3. Mukaona kuti mwakhala maso nthawi yonga mphindi 20, mongoyerekeza, osayang'ana wotchi, dzukani. Khalani pa chipinda china ndi kanyali kosawala kwambiri, nimugwire kanchito kofatsa, monga kuswa mtedza, kutongola chimanga, kusoka kapena kuwerenga buku losadzidzimutsa. Tulo tikadza bwererani. Ngati nyumba ndi ya chipinda chimodzi, khalani tsonga m'kati mwa masikito. Auzeni a m'nyumba mwanu chimene muli kuchita, kuti asadabwe.

4. Kama akhale wa tulo ndi za banja zokha. Makope, mabuku a ndalama, foni ndi milandu ya m'nyumba zithere pa tebulo. Foni igone patali ndi dzanja.

5. Musagone masana. Ngati simungathe kupirira, musapitirire theka la ora, ndipo kukhale dzuwa lisanapendeke.

6. Chepetsani nthawi ya pa kama kuti ilingane ndi tulo timene mupezadi. Njirayi ndi ya Spielman, ndipo ndiyo yamphamvu koposa, ngakhale iwawa poyamba. Kwa masabata awiri lembani m'kope m'mawa uli wonse nthawi imene munagona, imene munadzuka, ndi maora amene muyesa kuti munali m'tulo. Tinene kuti mulowa 8 koloko, mudzuka 5 koloko, koma tulo teni-teni ndi maora 6 okha. Ndiye kuti maora atatu mungobvutika nao. Tsono yambani kulowa 11 koloko, kudzuka 5 koloko yomweyo. Masiku oyamba mudzasinza usana, koma njala ya tulo idzakula, ndipo tulo todukiza tidzalumikizana. Ikatha sabata muli kugona pafupi-fupi nthawi yonseyo, onjezerani mphindi 15, nimuchite chomwecho sabata ndi sabata kufikira mutapeza muyeso wanu.

Pa njira yachisanu ndi chimodziyi pali chenjezo. Nthawi ya pa kama isachepere maora 5 ndi theka. Odwala khunyu, odwala nthenda za mutu zimene zisokoneza maganizo, ndi amai apakati asaiyambe osafunsa dotolo. Oyendetsa galimoto kapena njinga ya moto achenjere pa masabata awiri oyamba. Aphunzitsi angachite bwino kuiyamba pa tchuti.

Tiyi, fodya, mowa ndi mapiritsi

Mu tiyi, khofi, Coca-Cola ndi zakumwa zogulitsidwa monga zopatsa mphamvu muli caffeine, amene atseka khomo la adenosine kuti ubongo usamve njala ya tulo. Patapita maora 5 kapena pafupi-fupi, theka lache likali m'magazi. Chotero tiyi wa 5 koloko madzulo akali kugwira nchito 10 koloko usiku. Wobvutika ndi tulo amwe tiyi wache m'mawa, naleke itapita nkhomaliro. Fodya nayenso, wosuta ndi wofwenkha yemwe, ali ndi nicotine amene adzutsa thupi.

Za mowa ambiri anyengedwa. Kachasu, masese kapena Chibuku zigwetsa munthu msanga, koma mowawo ukayamba kutha m'thupi pakati pa usiku tulo tiduka, munthu nadzuka ndi ludzu ndi mkodzo. Womwa kuti agone apeza nthenda ziwiri m'malo mwa imodzi.

Mapiritsi a tulo, monga diazepam, amene anayamba kugulitsidwa m'chaka cha 1963 ndi dzina la Valium, ali ndi malo ao: masiku owerengeka, pa nthawi ya tsoka lalikulu, dotolo atalamula. Koma thupi liwazolowera msanga, lifuna ochuluka, ndipo powaleka kusowa tulo kubwerera mwaukali. Amene wawamwa nthawi yaitali asawaleke mwadzidzidzi, koma apite ku chipatala kuti amchepetsere pang'ono-pang'ono. Piriton, amene ena amwa kuti agone, ndi mankhwala a ziwengo ndi chimfine, ndipo asiya mutu wolemera kufikira mawa lache. Mapiritsi ogula pa msika kwa munthu wosaphunzira za mankhwala ndi oopsa koposa.

Chothandiza chopanda mtengo ndicho kutopetsa thupi usana. Wanchito wa mu ofesi alime kadimba, apalase njinga, kapena ayende pansi madzulo dzuwa lisanalowe.

Ngongole ndi maganizo a usiku

Sitinganamize awerengi athu kuti nkhawa zao nzopanda pache. Pamene mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 pa 100 m'mwezi wa Novembala 2023, mitengo ya zinthu inakwera, ndipo ambiri olandira malipiro a pa mwezi anaona ndalama zikutha mwezi usanathe. Feteleza, fizi ya ana ndi abale odwala zonse ziyang'ana kwa iye amene ali pa nchito. Palibe njira ya kagonedwe imene ibweza ngongole. Koma nzoonanso kuti 2 koloko usiku palibe ofesi yotsegula, palibe banki, palibe munthu wokambirana naye. Maganizo a nthawi imeneyo azungulira malo amodzi ngati mbuzi ya pa chingwe.

Mankhwala ache ndiwo kupatsa nkhawa nthawi yache usana. Musanadye chakudya cha madzulo khalani pa tebulo mphindi 15 ndi kope. Lembani bvuto liri lonse, ndi pambali pache chinthu chimodzi chimene mudzachita, ndi tsiku lache. Mukatha tsekani kopelo. Bvutolo likadza usiku, mudziwa kuti lalembedwa kale ndipo liri ndi tsiku lache. M'chaka cha 2018 Michael Scullin ndi anzache, a Baylor University ku Texas, anafalitsa kuti anthu amene analemba kwa mphindi 5 nchito zimene ziwadikira anapeza tulo msanga koposa amene analemba nchito zotha kale. Ndipo bvuto lolemera lisasenzedwe ndi munthu mmodzi. Kambiranani ndi a kunyumba kwanu, ndi mnzanu wokhulupirika, kapena ndi abusa ndi ansembe anu. Mutu umodzi susenza denga.

Pamene muyenera kuona dotolo

Nthawi zina kusowa tulo ndi mthenga wa nthenda ina, ndipo pamenepo kusintha makhalidwe kokha sikukwanira. Pitani ku chipatala ngati mudzuka kawiri-kawiri kukataya madzi, pakuti ingakhale nthenda ya shuga, kapena kwa amuna achikulire kutupa kwa prostate. Ngati muliza mkonono waukulu ndipo a kunyumba kwanu aona kuti mpweya uima nthawi zina. Ngati muli ndi ululu, chifuwa chosatha, kutuluka thukuta usiku kapena kuonda. Ngati mtima wanu wakhala wachisoni masabata awiri kapena oposa, osakondwa ndi kanthu, mukudzuka mbandakucha ndi maganizo olemera. Amene afika poganiza zodzipha asadikire kuti kuche kawiri. Auze munthu lero lomwe, napite ku chipatala.

Akumwa mankhwala a ARV adziwe kuti efavirenz, amene ambiri anali kumwa kale, anali kudzetsa maloto oopsa kwa ena, ndipo dolutegravir, amene dziko lino linayamba kupereka kwa anthu ambiri m'chaka cha 2019, asowetsa ena tulo. Asaleke mankhwala ao ai, koma afunse ku chipatala za nthawi yabwino yowamwera.

Thandizo siliri kutali. Ku Namitete kuli chipatala cha St. Gabriel's, chimene asisitere ochokera ku Luxembourg anachiyamba m'chaka cha 1959. Kuli chipatala cha Kabudula. Kuli cha ku Nambuma ndi zina zazing'ono. Ndipo zobvuta zitumizidwa ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe. Tengani kope lanu la masabata awiri lija, pakuti lidzauza dotolo zambiri zimene pakamwa pangaiwale. Musachite manyazi kunena kuti simugona. Mbewa ya manyazi inafera ku una.

Mau kwa akulu a nchito

Aphunzitsi akulu ndi akulu a maofesi ali nayo mbali yao. Mukaona wanchito wanu akusinza m'mawa, maso ali psu, musafulumire kuyesa kuti anachezera ku mowa. Muitaneni pambali, mumfunse. Kapena ndi munthu wokhulupirika amene wakhala miyezi osagona, ndipo mau abwino ndi uphungu wopita ku chipatala zingapulumutse nchito yache ndi banja lache, kumene kalata ya chenjezo ikanangoonjezera mantha. Ana a sukulu ndi anthu odza ku ofesi ya Boma ayenera kutumikiridwa ndi munthu wogalamuka.

Kwa inu amene mubvutika, chiyambi chiri mawa m'mawa: sankhani ora lodzukira, nimulisunge. Masabata awiri oyamba adzakhala obvuta, ndipo padzakhala usiku wina woipa ngakhale mutachira. Pamenepo musabwerere ku makhalidwe akale, koma gwirani malamulo omwewo. Tsokonombwe anatha mtunda nkudumpha.